Mkangano wa asayansi pa kutentha kwa dziko: unachokera kuti, watsala pati?

M'chaka cha 1856, mayi wina wa ku Seneca Falls, m'chigawo cha New York ku America, anatenga mabotolo awiri agalasi n'kuikamo zoyezera kutentha. M'botolo limodzi munali mpweya wamba, linalo anapoperamo carbon dioxide, mpweya umene umatuluka tikamawotcha nkhuni, makala kapena malasha. Anawakhazika padzuwa. La carbon dioxide linatentha kuposa linzake, ndipo atalichotsa padzuwapo linachedwa kuzizira. Mayiyu, Eunice Foote, anaona kuti mpweyawu utachuluka mumlengalenga, dziko lingatenthe. Pamsonkhano wa asayansi chaka chomwecho zolemba zake anawerenga ndi bambo wina, Joseph Henry, ndipo dzina la mayiyu linaiwalika kwa zaka zoposa 150.

Patapita zaka zitatu John Tyndall, wochokera ku Ireland, anatsimikiza ndi zida zake ku London kuti carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi zimagwira kutentha kumene nthaka imabwezera kumwamba. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anatha miyezi akuwerengetsera pamanja, n'kupeza kuti mpweyawu utawirikiza kawiri, dziko lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Sanachite nazo mantha. Pokhala munthu wa kudziko lozizira, ankaona kuti kafundidwe kotere kangathandize ulimi kwawo.

Wotsutsa woyamba anali wakwawo komweko. Mu 1900 Knut Ångström anati mpweya umene unalipo kale unkagwira kutentha konse kumene ungathe kugwira, kotero kuwonjezera wina sikungasinthe kanthu. Ena anawonjeza kuti utsi wa m'mafakitale nyanja zikuluzikulu zidzaumeza wonse. Asayansi ambiri anakhutira, nkhani inagona zaka pafupifupi 40.

Amene anaidzutsa sanali katswiri wa zanyengo n'komwe. Guy Callendar anali injiniya wa makina oyendera nthunzi ku England, ndipo zanyengo ankangozikonda, akumazichita akaweruka kuntchito. Anasonkhanitsa manambala a malo 147 oyezera nyengo padziko lonse, ndipo mu 1938 anasonyeza kuti dziko linali litatentha pang'ono m'zaka 50 zapitazo, mpweya uja nawonso ukukwera. Akuluakulu a bungwe la Royal Meteorological Society anamumvetsera mwaulemu, koma sanamukhulupirire. Mayankho anabwera m'ma 1950. Kunapezeka kuti Ångström sanaganizire za kumtunda kwenikweni kwa mlengalenga, kumene mpweya ndi wochepa, wozizira ndi wouma, ndipo n'komwe carbon dioxide wowonjezera amagwira ntchito. Mu 1957 Roger Revelle ndi Hans Suess anasonyeza kuti nyanja sizimeza mpweyawu msanga monga anthu ankaganizira. Chaka chotsatira Charles Keeling anayamba kuuyeza tsiku ndi tsiku paphiri la Mauna Loa ku Hawaii. Anapeza magawo pafupifupi 315 pa miliyoni iliyonse ya mpweya. Lero apitirira 420, pomwe mafakitale asanayambe anali cha m'ma 280.

Panalinso chosokoneza china. Kuyambira m'ma 1940 mpaka m'ma 1970 dziko linazizirako pang'ono, mwa zina chifukwa cha fumbi la utsi wa malasha lomwe limatchinga dzuwa, moti mu 1975 magazini ya Newsweek inalemba nkhani yochenjeza za kuzizira. Otsutsa amaitchulabe mpaka lero. Komabe mu 1979 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jule Charney litaunika umboni wonse, linati kuwirikiza kwa mpweyawu kungatenthetse dziko ndi madigiri apakati pa 1.5 ndi 4.5.

Kufika apa, ine ndimauona mkanganowu ngati wabwino. Wokayikira ankabwera ndi funso lomveka, anzake n'kupita kukayeza, funsolo n'kuyankhidwa. Zinthu zinafika povuta pamene ndalama zinalowererapo.

Mu 1977 James Black, wasayansi wa kampani ya mafuta ya Exxon, anauza mabwana ake kuti kuwotcha mafuta ndi malasha kukusintha nyengo. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2023 anapeza kuti zimene asayansi a kampaniyi ankalosera m'zaka zimenezo zinali zolondola kwambiri. Koma James Hansen wa ku NASA atauza aphungu a ku America mu June 1988 kuti kutentha kwayamba kale, ndipo bungwe lounika kafukufuku wa kusintha kwa nyengo la IPCC litakhazikitsidwa chaka chomwecho, makampani a mafuta, malasha ndi magalimoto anapanga gulu lawo, Global Climate Coalition, mu 1989. Ntchito yake inali kuuza anthu ndi andale kuti asayansi sanagwirizane, choncho palibe chifukwa chopupulumira. Chikayiko chotere sichitha ndi umboni, chifukwa mwini wake safuna yankho, amafuna nthawi.

Tisawaike onse m'gulu limodzi. Roy Spencer ndi John Christy a ku Alabama ankayeza kutentha pogwiritsa ntchito masetilaiti, ndipo m'ma 1990 manambala awo sankasonyeza kutentha kwenikweni. Linali funso loona. Mu 1998 ndi mu 2005 anzawo anapeza kuti masetilaitiwo ankatsika ndi kusuntha pang'onopang'ono m'njira zawo, zomwe zinkasokoneza manambala. Atakonza, kutentha kunaoneka. Chimodzimodzi chithunzi cha Michael Mann ndi anzake cha mu 1999, chosonyeza kutentha kwa zaka 1,000. Chimaoneka ngati khasu logonekedwa chagada: mpini wautali uli pansi, kumapeto chitsulo chaloza kumwamba. Stephen McIntyre ndi Ross McKitrick a ku Canada anatsutsa kawerengetsedwe kake, ndipo akatswiri amene anaunika nkhaniyi mu 2006 anavomereza kuti panali pofunika kukonza, koma mfundo yaikulu inaimabe.

Asayansi nawonso anapunthwapo. Lipoti la IPCC la 2007 linanena molakwa kuti madzi oundana a m'mapiri a Himalaya angathe pofika 2035, ndipo bungweli linavomera kulakwaku mu 2010. Mu November 2009, kutatsala milungu yochepa kuti msonkhano wa zanyengo wa ku Copenhagen uyambe, anthu ena anaba maimelo a akatswiri a pa University of East Anglia n'kuwamwaza pa intaneti. Makomiti angapo atafufuza sanapeze chinyengo pa manambala, koma anadzudzula akatswiriwo chifukwa choumira zimene ena ankapempha kuti aone. Chidzudzulocho chinali choyenera.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Richard Muller, wasayansi wa ku Berkeley. Ankakayikira manambala a anzake, ndiye anayambitsa kafukufuku wakewake, ndalama zina zikuchokera ku bungwe la Charles Koch, mpondamatiki wa bizinesi ya mafuta. Mu 2012 analengeza poyera kuti dziko likutenthadi, ndipo ochititsa ndi anthu. Mu 2021 IPCC inati za ichi palibenso chikayiko, ndipo 2024 chinakhala chaka chotentha kuposa zonse zimene zinayezedwapo.

Asayansi akutsutsanabe, koma pa zina: mitambo idzathandiza kapena idzawonjezera vuto, mvula idzasintha bwanji dera ndi dera, ndiponso tsoka lakutilakuti lachitika chifukwa cha kusintha kwa nyengo kapena ayi. Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Ng'amba ya 2024, imene inachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, gulu la World Weather Attribution linati gwero lake lalikulu linali El Niño. Pa namondwe wa Ana, amene anagumula damu la magetsi la Kapichira mu January 2022 n'kutisiya mumdima, gulu lomweli linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula. Koma linalephera kunena kuti kunawonjezera ndi mlingo wotani, chifukwa ku Malawi, Mozambique ndi Madagascar kunalibe malo okwanira oyezera mvula okhala ndi manambala a zaka zambiri osadukiza. Nthumwi zathu zikamakapempha chipukutamisozi kumisonkhano ya zanyengo, manambala amenewo ndi amene zimasowa m'chikwama.