Cisumbu ca Akapolo Oiwalika

Anzanga acinyamata, kodi munamvapo za Tromelin? Ndi kacisumbu ka m'Nyanja ya India, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 450 kum'mawa kwa Madagascar. M'litali ndi makilomita 1.7, m'lifupi mamita 700, ndipo malo okwera kwambiri ndi mamita 7 cabe. Kulibe mtsinje, koma mcenga, miyala ndi tizitsamba. Eni ake enieni ndi mbalame za m'nyanja, nkhanu, ndi akamba akuluakulu amene amabwera usiku kudzaikira mazira mumcenga.

Pa 31 July 1761, combo ca Afalansa cochedwa L'Utile cinasweka pa miyala ya cisumbuci. Cinali citanyamula akapolo pafupifupi 160 ogulidwa ku Madagascar, ndipo ambiri anamira cifukwa anatsekeredwa m'munsi mwa combo. Opulumuka anakumba citsime ndi kupanga bwato ndi matabwa a comboco. Patapita miyezi iwiri, azungu onse anakwera bwatolo, nasiya akapolo ndi lonjezo lakuti adzabweranso. Koma bwanamkubwa wa ku Mauritius anakana kutumiza combo.

Nanga osiyidwawo anakhala bwanji? Mbalame, mazira ndi akamba ndizo zinawasunga ndi moyo. Anamanga tinyumba ta miyala ta zipupa zocindikala kuti abisalemo mphepo ya mkuntho. Mbale zamkuwa za m'combo zikabooka anali kuzigamba, ndipo moto anausunga kwa zaka 15. Ena anayesa kuthawa pa mitengo yomangamanga, osaonekanso.

Pa 29 November 1776, combo ca La Dauphine, cotsogoleredwa ndi Chevalier de Tromelin, cinafika. Anapeza amai 7 ndi khanda la miyezi 8 basi. Anawatengera ku Mauritius kumene anapatsidwa ufulu. Kuyambira mu 2006, akatswiri ofukula zakale otsogoleredwa ndi Max Guérout anafukula tinyumbato ndi ziwiya zao.

Makoswe obwera ndi zombo anaononga mazira kwa zaka zambiri, koma ataphedwa onse mu 2005, mbalame zinayambanso kuculuka.

Taonani anzanga, cisumbuci cinalandira dzina la mzungu amene anafika tsiku limodzi, osati la amai amene anapirirapo zaka 15. Pokambirana m'magulu athu, tiyeni tidzifunse: kodi ndani amene tinamulonjeza kuti tidzabweranso, ndipo akali kutiyembekezera?