Mafunso ndi Mayankho: Mpikisano Wothamanga ndi Mfuti Kumsana Udayamba Bwanji?

FUNSO: Akonzi, tsiku lina pa kanema ndidaona anthu akuthamanga pa chipale chofewa atabereka mfuti kumsana. Atafika pena adadzigwetsa pansi n'kuyamba kuwombera, kenaka adadzambatuka n'kuliyatsanso liwiro. Kodi amenewa ndi asilikali kapena ndi masewera chabe? Nanga zidachokera kuti? Ndine wowerenga wanu, ku Zomba.

YANKHO: Zikomo awerengi athu. Zomwe mudaonazo ndi masewera otchedwa biathlon, ndipo simudalakwe kuwaganizira usilikali chifukwa ndiko adabadwira. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa Ulaya, makamaka ku Norway, Sweden ndi Finland, komwe chipale chimakuta nthaka miyezi yambiri pa chaka. Munthu woyenda wapansi kumeneko amangotitimira, choncho kuyambira kalekale anthu adaphunzira kumanga timatabwa tiwiri tatitali kumapazi, totchedwa ski, n'kumatsetsereka pamwamba pa chipalecho. Alenje ndiwo adayamba kuyenda motere atanyamula uta ndi mivi. Mfuti zitabwera, asilikali olondera malire adatengera luso lomwelo.

Mpikisano womwe umatchulidwa kuti ndi woyamba kulembedwa udachitika mu 1767 pakati pa magulu a asilikali a m'malire a Norway ndi Sweden. Mu 1861 anthu a ku Trysil, m'dziko la Norway, adakhazikitsa kalabu ya mfuti ndi ski, cholinga chawo chili chakuti amuna a m'deralo azitha kuteteza dziko lawo kukagwa nkhondo. Mpaka lero fungo la usilikali silidathe: akatswiri ambiri a ku Germany, Italy ndi France amalembedwa ntchito ndi asilikali, apolisi kapena nthambi yoona za msonkho wa pachipata, ndipo malipiro awo amachokera kumeneko pamene iwo akukonzekera mipikisano.

FUNSO: Ndiye adalowa liti m'masewera a Olimpiki?

YANKHO: Adalowa kawiri. Pa masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira, omwe adachitikira ku Chamonix m'dziko la France mu 1924, padali mpikisano wa asilikali okhaokha wotchedwa military patrol. Timu iliyonse inkakhala ndi anthu anayi ndipo Switzerland ndiyo idapambana. Mu 1928, 1936 ndi 1948 mpikisanowu udachitikanso, koma mongoonetsa chabe. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu adali atatopa ndi chilichonse chonunkha wonga, choncho pambuyo pa 1948 udachotsedwa.

Okonda masewerawa sadagwe mphwayi. Adawavula yunifolomu, nawakonza kuti munthu wamba azipikisana payekha. Mpikisano woyamba wa dziko lonse udachitikira ku Saalfelden, m'dziko la Austria, mu 1958, ndipo adapambana ndi Adolf Wiklund wa ku Sweden. Patangopita zaka ziwiri, mu 1960, biathlon idalowa mu Olimpiki ku Squaw Valley, ku America. Mendulo ya golide idapita kwa Klas Lestander, nayenso wa ku Sweden. Pa liwiro padali ambiri omuposa, koma iye yekha ndiye adalasa chandamale ka 20 osaphonyako, pamene anzake ankawonjezeredwa mphindi ziwiri pa chipolopolo chilichonse chotayika. Phunziro la tsikulo likadalipobe: m'masewerawa miyendo yokha sipatsa chikho.

FUNSO: Kodi mfuti zake ndi zankhondo?

YANKHO: Poyamba zidali zotero. Mu 1960 ankagwiritsa ntchito mfuti zikuluzikulu, powombera chandamale chomwe chinkakhala pa mtunda wa mamita 100, 150, 200 ndi 250. Izi zinkafuna malo aakulu akutali ndi anthu, zipolopolo zidali zodula, ndipo oonerera sankadziwa amene walasa kapena waphonya mpaka oweruza atawerenga. Masewera otere sakadatchuka.

Zinthu zidasintha mu 1978 pamene adalamula kuti onse azigwiritsa ntchito mfuti yaing'ono ya .22, ndipo mtunda ukhale mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira wamiyendo. Posakhalitsa padabweranso chandamale chachitsulo chomwe chimasintha kuchoka pa chakuda kukhala choyera chikalasidwa, kotero kuti aliyense m'bwalo kapena pa kanema amaona yekha nthawi yomweyo. Kusintha kuwiri kumeneku ndiko kudachotsa biathlon m'manja mwa asilikali n'kuipereka kwa anthu onse. Mfutiyo siyenera kupepuka kuposa makilogalamu 3.5, ndipo wopikisana amaibereka ulendo wonse.

FUNSO: Chovuta n'chiyani pamenepa, poti mamita 50 si patali?

YANKHO: Chovuta ndi mtima. Munthu amafika powomberapo ali wefuwefu, atakwera zitunda ndi mphamvu zake zonse, mtima ukugunda mwaliwiro, manja akunjenjemera, mwinanso mphepo ikuwomba. Ali choncho ayenera kulasa tizandamale tisanu ndi zipolopolo zisanu. Akamawombera chafufumimba, polasa pamakhala potambalala masentimita 4.5 okha, akamawombera choimirira, masentimita 11.5. Akachedwa pofuna kuti mpweya ubwerere, anzake amamupitirira. Akapupuluma, amaphonya.

Kuphonya kuli ndi chilango. Pa mpikisano wakale wa makilomita 20 kwa amuna, ndi 15 kwa amayi, chipolopolo chilichonse chophonya chimawonjezera mphindi imodzi pa nthawi ya munthu. Pa mipikisano ina yambiri, wophonya amakazungulira kanjira ka chilango ka mamita 150, kamodzi pa kuphonya kulikonse. N'chifukwa chake wotsogola amatha kutaya zonse m'masekondi ochepa pa kuwombera komaliza, ndipo oonerera sachoka pampando mpaka kumapeto.

Mitundu ya mipikisano idabwera pang'onopang'ono. Wopatsirana wa matimu udalowa mu Olimpiki mu 1968, waufupi wa makilomita 10 mu 1980, wothamangitsana mu 2002, wonyamukira pamodzi mu 2006, ndipo wa matimu osakaniza amuna ndi amayi mu 2014. Pa wothamangitsana, amene adapambana mpikisano wam'mbuyo ndiye amayamba kunyamuka, enawo n'kumamutsatira malinga ndi nthawi yomwe adawasiya nayo. Woyamba kufika ndiye mwini golide.

FUNSO: Nanga amayi adayamba liti?

YANKHO: Adachedwa kuloledwa. Mpikisano wawo woyamba wa dziko lonse udachitikira ku Chamonix mu 1984, ndipo mu Olimpiki adalowa mu 1992 ku Albertville, patatha zaka 32 amuna atayamba. Golide woyamba adamutenga Anfisa Reztsova wa ku Russia. Chaka chotsatira, mu 1993, kudakhazikitsidwa bungwe la International Biathlon Union, lomwe likulu lake lili ku Austria, ndipo ndilo limayendetsa masewerawa kwa amuna ndi amayi omwe.

FUNSO: Akatswiri otchuka kwambiri ndi ati, ndipo amapikisanirana kuti?

YANKHO: Kupatula Olimpiki ya zaka zinayi zilizonse, pali chikho cha dziko lonse cha World Cup chomwe chidayamba mu nyengo ya 1977 mpaka 1978. Opikisana amayenda m'malo monga Östersund ku Sweden, Kontiolahti ku Finland, Hochfilzen ku Austria, Oberhof ndi Ruhpolding ku Germany, Antholz ku Italy ndi Holmenkollen mumzinda wa Oslo, akusonkhanitsa mapointi. Wotsogola amavala chovala chachikasu, ndipo wopambana pakutha pa nyengo amalandira chikho chagalasi chobulungira.

Dzina lalikulu ndi la Ole Einar Bjørndalen wa ku Norway, yemwe adapata mamendulo agolide asanu ndi atatu a Olimpiki. Ku Salt Lake City mu 2002 adasesa golide pa mipikisano yonse inayi ya amuna. Martin Fourcade wa ku France adatenga World Cup kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2018. Johannes Thingnes Bø wa ku Norway adapuma mu 2025 ali ndi mamendulo agolide 23 a mpikisano wa akatswiri a dziko lonse, kuposa 20 a Bjørndalen. Kumbali ya amayi, Magdalena Forsberg wa ku Sweden adatenga World Cup kasanu ndi kamodzi motsatizana kuyambira 1997 mpaka 2002, komabe golide wa Olimpiki sadamulawe. Adangopata mamendulo awiri a nambala yachitatu. Darya Domracheva wa ku Belarus adatenga agolide atatu ku Sochi mu 2014.

Ofuna kuonerera asunge nthawi: nyengo ya World Cup imayamba chakumapeto kwa Novembala n'kutha mu Malichi, miyezi yomwe kuno kwathu tili m'dzinja. Pitirizani kutitumizira mafunso anu.