Za Kuomba Nsalu ndi Lamba wa Mkwatibwi

Ku Area 9 mu Lilongwe, monganso m'madera ena a mzindawo, mkwatibwi akafuna kukometsa diresi lake la ukwati, abale ake amatsikira ku Old Town nagula nsalu ndi zokongoletsa zake m'masitolo, napita nazo kwa telala. Kawirikawiri lamba wa m'chiuno ndi mphonje za m'mphepete ndi zochokera kunja, zoombedwa ndi makina. Chotero ana athu ayesa kuti kuomba nsalu ndi nzeru ya alendo. Koma si kutero ayi, pakuti makolo a Amaravi anaidziwa ntchito iyi zaka mazana angapo zapitazo.

Tiyambe talekanitsa mawu, popeza ana asukulu amawasokoneza. Thonje timapota, nsalu timaomba, dengu timaluka, malaya timasoka. Telala ndi wosoka, sali woomba. Mphunzitsi akalola mawu anayiwa asanduke amodzi, mwana sadzazindikiranso kuti zinali ntchito zinayi, ndipo iliyonse inali ndi eni ake.

Kale anthu ambiri a kumtunda kuno ankavala chiwondo, ndicho khungwa la mombo lomenyedwa kufikira lifewe. Koma kuchigwa cha Shire ndi cha Zambezi kunkalimidwa thonje, ndipo nsalu yoombedwa kumeneko inkatchedwa machila. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos anaitchula m'buku lake la 1609, ndipo Manuel Barreto analembanso za malonda ake mu 1667. Apwitikizi ankaigula kwa Amaravi naigulitsa kutsidya kwa Zambezi, kumene kunkachokera golide. António Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, anapeza anthu akuombabe. David Livingstone, pokwera Shire mu 1859, anaona Amang'anja akupota ndi kuomba m'midzi yambiri, nalemba mitundu iwiri ya thonje lawo: thonje kaja, la eni dziko, la ubweya waufupi ndi wolimba, ndi thonje manga, lochokera kunja.

Kaombedwe kake kanali kotere. Atachotsa njere, munthu ankapota thonje pa kamtengo kozungulira, pang'onopang'ono, masiku ambiri. Ulusi ukakwanira, woomba ankakhoma zikhomo pansi, nayala ulusi m'litali pakati pa mitengo iwiri. Tsono ankatukula theka la ulusiwo, napititsa ulusi wopingasa pampatapo, nautsendera ndi kathabwa kosalala. Kenaka natukula theka linalo, nabweza wopingasa uja. Ntchito ya kuomba inali ya amuna. Ndipo taonani, lamba wa maluwa aombedwa mwa njira yomweyi, kungoti ndi wopapatiza. Woomba ayala ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu, nawerenga umene autukule ndi umene ausiye pansi pa mzere uliwonse. Maluwa atuluka m'kuwerengako. Akaphonya ulusi umodzi, chilema chioneka kufikira kumapeto, ndipo ayenera kumasula. Nchifukwa chake nsalu ya manja inali chuma, yosavalidwa mwachisawawa.

Nanga luso lotere linatha bwanji? Zifukwa zikulu ndi zitatu. Choyamba, nkhondo za ogwira akapolo, pamodzi ndi njala yaikulu ya 1862 ndi 1863, zinapasula midzi ya Amang'anja, ndipo oomba ambiri anafa kapena kumwazika. Chachiwiri, inafika nsalu ya makina yotsika mtengo: merikani, yoombedwa ku America ndi kudzera ku Zanzibar, ndiponso nsalu za ku Britain zimene kampani ya African Lakes, yoyambidwa mu 1878, inkagulitsa m'masitolo a Mandala. Munthu sakanathanso mwezi akupota pamene nsalu ipezeka pa sitolo. Chachitatu, m'masiku a Nyasaland thonje linasanduka mbewu yogulitsa, lotumizidwa kunja losapota. Pamene fakitale ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, nsalu inaombedwanso m'dziko muno, koma ndi makina.

Ngakhale dzina lenilenilo linasamuka. Nsalu ya machila inkamangidwa pamtengo kunyamulira anthu olemera ndi Azungu paulendo, ndipo m'kupita kwa nthawi mawuwo anatsalira pa chonyamuliracho. Lero mwana akamva za machila aganiza za wodwala wonyamulidwa, osati za nsalu.

Diresi loyera nalo ndi mlendo. Linatchuka ku Ulaya Mfumukazi Victoria atakwatiwa nalo mu 1840, ndipo linafika kuno pamodzi ndi ukwati wa m'tchalitchi. Ukwati wa makolo unkakhazikika pa mawu a ankhoswe, ndipo chokometsera mkazi chinali mikanda.

Tsono inu aphunzitsi, musalole mbiri iyi ife. Funsani nkhalamba za kwanu mawu a ntchitoyi, muwalembe. Khomani zikhomo pabwalo la sukulu, ana ayese kuomba kalamba ka ulusi wa mitundu iwiri. Mwina mmodzi wa iwo adzaomba lamba wa mlongo wake pa tsiku la ukwati, ndipo adzadziwa kuti manja ake atsata manja a makolo.