Makamera a CCTV

CCTV ndi makamera omwe zithunzi zake zimaonedwa ndi anthu ochepa osankhidwa, osati kuulutsidwa kwa aliyense monga imachitira wailesi yakanema. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti closed-circuit television. Makamera otere anagwiritsidwa ntchito ku Peenemünde, m'dziko la Germany, mu 1942 poonerera maroketi a V-2 akamanyamuka. Ku Malawi amapezeka kwambiri m'mabanki, m'masitolo akuluakulu, m'malo omwetsera mafuta ndi m'mafakitale.

Mitundu ya makamera

Kamera ya analogi imatumiza zithunzi kudzera pa waya wa coaxial kupita ku makina osungira otchedwa DVR. Kamera ya IP ili ngati kakompyuta: imalumikizidwa pa netiweki ndipo zithunzi zake zimasungidwa mu NVR. Kamera yoyamba ya mtunduwu inatulutsidwa ndi kampani ya Axis ya ku Sweden mu 1996. Mawu akuti PoE amatanthauza kuti waya umodzi ukunyamula magetsi ndi zithunzi zomwe, koma waya wotere sapitirira mamita 100. Kamera ya PTZ imatembenuka, kuwerama ndi kukoka chithunzi pafupi. Vuto lake ndi lakuti ikayang'ana uku, kwinako sikujambulidwa.

Kuoneka kwa zithunzi

Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Kamera ya 1080p ili ndi mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, pafupifupi mamegapikiselo 2, pomwe ya 4K ili ndi pafupifupi 8. Nambala yaikulu payokha sithandiza. Kamera yopachikidwa patali ndi geti imangoonetsa kuti padutsa munthu, nkhope osazindikirika.

Usiku makamera ambiri amagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared komwe maso a munthu sakuona, ndipo zithunzi zimakhala zakuda ndi zoyera. Kuwalaku kumabwerera kukagunda nkhungu, mvula yamawawa kapena ulusi wa kangaude. Choncho m'madera olima tiyi monga ku Thyolo, komwe chiperoni chimaphimba minda m'miyezi yozizira, kamera yolembedwa kuti imaona mamita 30 ikhoza kuonetsa utsi woyera wokhawokha. Kamera ya panja imayenera kukhala ndi chizindikiro cha IP66 kapena IP67, chosonyeza kuti fumbi ndi madzi sizilowa. IP ameneyu sakhudzana ndi wa netiweki uja, ngakhale ogula ambiri amasokoneza.

Kusunga

Zojambulidwa zimasungidwa pa hard disk, ndipo ikadzaza makina amafufuta zakale okha. Kamera imodzi yotumiza mamegabiti 4 pa sekondi imadya pafupifupi magigabayiti 43 pa tsiku, kotero makamera anayi amadzaza terabayiti imodzi m'masiku osakwana 6. Katundu akabedwa n'kudziwika patapita sabata, umboni umakhala utapita kale. Njira ya H.265 imachepetsa kukula kwa mafayilo, ndipo motion detection imajambula pokhapokha chinthu chikasuntha, ngakhale nthambi yogwedezeka ndi mphepo imaidzutsanso. Magetsi akazima zonse zimaima ngati palibe batire ya UPS kapena sola.

Malamulo

Nkhope ya munthu yojambulidwa ndi imodzi mwa mfundo zokhudza moyo wake. Ku Malawi nkhani zotere zimatsatira lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA.