Amisiri a Zitsulo Zoyendera

Tikamakamba mbiri ya zachipatala m'dziko muno timatchula madokotala ndi anamwino, koma amisiri amene ankapanga zitsulo zoyendera ana opuwala timawaiwala. Komatu poliyo ikafoola mwendo, jekeseni sathandizanso. Kwathu ku Nsaru m'zaka za m'ma 1970 mwana wotere ankangokwawa, ndipo ndikukumbukira anzanga angapo amene sukulu inawakanika pa chifukwa chimenechi.

Kale zitsulozi zinkachokera ku Ulaya ndipo zinali zodula. M'zaka za m'ma 1960 Dokotala Ronald Huckstep, wa pa chipatala cha Mulago ku Uganda, anaonetsa kuti amisiri akomweko angathe kuzipanga ndi zitsulo wamba, zikopa ndi nsapato zamatabwa. Kuno kwathu ntchito yotere inakula bungwe la Malawi Against Polio litakhazikitsidwa mu 1979. Mmisiri ankayeza mwendo wa mwana, n'kupinda zitsulo ziwiri motsata mwendowo, kenaka n'kusoka malamba ogwira bondo kuti lisapindike. Mwana wokwawa uja ankaimirira.

Koma chitsulo sichikula pamodzi ndi mwana. Pakapita miyezi chimachepa, malamba amaduka, nsapato imatha. Kholo la ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma linkayenera kupeza ndalama za ulendo wa mumzinda wa Lilongwe mobwerezabwereza. Ena ankangopita kwa owotcherera njinga pamsika. Zikavutitsitsa, chitsulo chinkasomekedwa kudenga, mwana n'kubwerera kokwawa.

Katemera anaigonjetsa poliyo, moti kuchokera mu 1992 sinamvekenso mpaka mu 2022, pamene boma linalengeza kuti mwana wina wa mu Lilongwe wapezeka nayo. Bungwe lija linasintha dzina n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities, pakuti ntchito inali isanathe. Ana obadwa ndi mapazi opindika, akawachotsa chikhakha, amagona atavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi chitsulo mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Odulidwa miyendo pa ngozi nawonso amafuna mmisiri. Mu 2009 bungwe la 500 miles linatsegula malo opangira zipangizo zotere pa chipatala cha Kamuzu Central.

Lero zipangizo zambiri ndi zapulasitiki, zopepuka kuposa zakale. Komabe phunziro la nthawi ya poliyo silinasinthe: chipangizo chimayendetsa mwana pokhapokha ngati kholo lingakwanitse kubwerera kwa mmisiri chikachepa kapena chikathyoka.