Mmene Alendo Anamangira Dziko la Ansenga

Munthu wochokera ku Lusaka pa msewu wa Great East, akawoloka mlatho wa Luangwa ndi kukwera zitunda za Kacholola, amafika pa Nyimba, pamene basi isanaime n'komwe amayi amakhala atazinga kale mazenera ndi malichero a nthochi, ndipo akatchera khutu uku akuwerenga chenji, adzamva wina akulonjera m'Chinsenga kuti "Muli tyani?", mnzake akuyankha m'Chichewa, kondakitala akukuwa m'Chibemba, popanda ndi mmodzi yemwe wofuna womasulira. Ambiri amayesa kuti kusakanizika kotere kunadza ndi phula ndi magalimoto. Komatu mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932, ndipo umene tikuwolokerapo lero ndi wa mu 1968, pamene alendo anayamba kupondapo dziko limeneli mibadwo yambiri chitsulo chisanayalidwe pamtsinjewo.

Eni dziko enieniwo, ndiwo Ansenga, sabisa kuti makolo awo anachita kudza. Akuluakulu pofotokoza mbiri amaloza kutsidya kwa Luangwa, ku maiko a Aluba, ndipo amati anthu anawoloka m'magulumagulu, mfunda uwu lero, wina pambuyo pake: a Mwanza, a Tembo, a Mumba, a Lungu, a Sakala. Kum'mawa kwawo kunali ufumu wa Achewa a Undi, umene dzina la Kalindawalo, mfumu yaikulu ya Ansenga, limatchulidwa nawo pamodzi m'mbiri zakale; kuchigwa nako kunakhazikika Aambo, abale a Alala, amene mafumu awo Luembe ndi Mwape akulamulirabe m'boma la Nyimba pambali pa Ndake ndi Nyalugwe.

Koma mlendo amene anagwedeza dziko ndiye Mngoni. M'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa usana, khamu la Zwangendaba linawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo dziko loyamba limene linapumulamo zaka zingapo linali la Ansenga. Sitidzakometsera zimene zinachitika, pakuti midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri anatengedwa ukapolo kunka nawo kumpoto. Patapita zaka ngati makumi atatu, Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwereranso ku Unsenga ndi nkhondo yake asanakakhazikike kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Apo ndipo panachitika chinthu chimene ankhondo a zishango sanachione chikudza: akazi a Chinsenga amene anawakwatira mwa mphamvu, pokhala ndiwo ankayamwitsa ana, kuwabereka kumsana ndi kuwatonthoza usiku, anawalera m'chilankhulo cha kwawo, kotero kuti zidzukulu za ogonjetsa zinakula zikulankhula mawu a ogonjetsedwa. Lero Angoni a Mpezeni amavina ingoma pa mwambo wa Nc'wala ndi nyimbo za makolo awo akummwera, koma kumunda ndi pabwalo la milandu amalankhula Chinsenga. Ine ndikuona kuti amayi amenewa, amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse, ayenera ulemu woposa umene timapatsa akazembe a nkhondo.

Achikunda nawo, asilikali a eni minda a Chipwitikizi a ku Zambezi, anakwera chigwa cha Luangwa ndi mfuti kufunafuna minyanga ndi akapolo, ndipo dzina la mtsogoleri wawo Matakenya linali loopsa m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Koma nkhondo zitatha ambiri a iwo anatsala nakwatira konkuno, ndipo zidzukulu zawo zikusodza nsomba limodzi ndi zidzukulu za amene anasautsidwa.

Azungu atathyola mphamvu ya Angoni mu 1898, kunadza alendo a mtundu wina, onyamula buku ndi onyamula kaundula wa msonkho. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, Akatolika anamanga pa Minga, ndipo mpingo wa Anglican unatumiza ku Msoro wansembe wa Chichewa wochokera kunyanja ya Malawi, Leonard Kamungu, amene anayenda pansi m'midzi akuphunzitsa ndi kubatiza kufikira imfa yake mu 1913. Popeza mabuku ambiri a sukulu ndi a m'tchalitchi anali m'Chinyanja, mwana wa Chinsenga anazolowera kulankhula ndi amake m'chilankhulo china ndi kuwerenga Buku Lopatulika m'chinanso, ndipo kufikira lero munthu wa ku Petauke amasintha ziwirizi mosaganizira n'komwe. Msonkho uja unathamangitsira amuna ku Walale ndi kumigodi, kumene ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena nasanduka matchona osaonekanso. Amwenye nawo anatsegula masitolo pa boma, nagulitsa nsalu, mchere ndi makasu kwa alimi a mtedza ndi thonje.

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo pa Ukwimi mwambiwo unaoneka woona. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'dziko la Mozambique, anthu a m'chigawo cha Tete anathawira kuno ndi ana kumsana, ndipo mu 1987 boma la Zambia, mothandizana ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, linatsegula malo a Ukwimi kumpoto kwa boma la Petauke, kumene kunakhala anthu pafupifupi 25,000. Ambiri mwa iwo sanali achilendo konse, pakuti malire amene Angerezi ndi Apwitikizi analemba anadula pakati pa Ansenga ndi Achewa a mfunda umodzi, kotero kuti wothawa nkhondo ankatha kupeza malume ake m'mudzi womulandira. Anapatsidwa minda, nalima chimanga mpaka kugulitsako. Ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anabwerera kwawo, nasiya sukulu, zitsime ndi minda yotsegulidwa kale, zimene zinapatsidwa kwa alimi a m'Zambia.

Owerenga Malemba akudziwa kuti ana a Israyeli potuluka mu Ejipito sanatuluke okha, ndi kuti Rute, mkazi wa ku Mowabu, analowa mu mzere wa mfumu Davide.  Zimenezo zinalembedwa, koma ife tatsalira, chifukwa zambiri za ku Petauke ndi ku Nyimba zikadali m'mitu ya nkhalamba zokha, ndipo nkhalambazo tikuziika m'manda chaka ndi chaka.

M'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, Ansenga amasonkhana kwa Gogo Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba kukathira nsembe kwa makolo ndi kupempha mvula. Inu aphunzitsi a ku Minga, ku Hofmeyr ndi ku Kacholola, tumizani ana a sukulu kumeneko ndi makope m'manja, akagwade pamaso pa ambuye awo, nafunse mfunda wawo, kumene unachokera, ndi amene unawapeza panjira.