Genentech

Genentech ndi kampani yopanga mankhwala yomwe ili mumzinda wa South San Francisco, m'chigawo cha California ku United States. Inakhazikitsidwa mu 1976 ndi Herbert Boyer, wasayansi wa pa University of California ku San Francisco, ndi Robert Swanson, yemwe ankagwira ntchito yoika ndalama m'makampani atsopano. Imadziwika monga chitsanzo cha kampani yomwe inayamba ndi kafukufuku yekha kenako n'kufika popanga ndi kugulitsa mankhwala akeake.

Chiyambi

Poyamba kampaniyi inalibe fakitale kapena katundu wogulitsa. Chomwe inali nacho chinali luso loika DNA yonyamula malangizo a thupi la munthu mu bakiteriya kuti bakiteriyayo azitulutsa mapuloteni ofunika pochiza matenda. Mu 1978, mogwirizana ndi asayansi a ku City of Hope, inapanga insulin ya munthu pogwiritsa ntchito njirayi. Nthawi imeneyo odwala matenda a shuga ankadalira insulin yochokera ku nkhumba ndi ng'ombe.

Kulowa pamsika

Kupeza mankhwala mu labotale sikokwanira. Pamafunika kuwayesa pa odwala, kupeza chilolezo cha boma, kumanga fakitale komanso kulemba ntchito anthu owagulitsa, ndipo zonsezi zimadya ndalama zambiri kwa zaka zingapo phindu lisanabwere. Pachifukwa chimenechi, Genentech inapatsa kampani yaikulu ya Eli Lilly chilolezo chopanga ndi kugulitsa insulin ija. Bungwe loona za mankhwala la FDA linaivomereza mu 1982, ndipo inayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Humulin.

Njira imeneyi inachepetsa chiopsezo, koma gawo lalikulu la ndalama linkapita kwa wogulitsa. Pofuna mpamba woti idziimire payokha, mu Okutobala 1980 Genentech inayamba kugulitsa masheya ake kwa anthu wamba, ndipo inapeza madola 35 miliyoni.

Mu 1985 inatulutsa Protropin, mankhwala oyamba omwe inapanga ndi kugulitsa yokha, othandiza ana omwe matupi awo satulutsa mahomoni okwanira okulitsa thupi. Kale mahomoniwa ankatengedwa m'matupi a anthu omwalira, koma chaka chomwecho njirayi inaimitsidwa zitadziwika kuti ena mwa omwe anawalandira anatenga matenda a ubongo a Creutzfeldt-Jakob. Mu 1987 inatulutsanso Activase, mankhwala osungunula magazi oundana m'mitsempha ya mtima.

Umwini

Ngakhale inali itayamba kugulitsa, kafukufuku wake ankafunabe ndalama zochuluka. Mu 1990 kampani ya Roche ya ku Switzerland inagula masheya ambiri a Genentech pamtengo wa madola 2.1 biliyoni, ndipo mu 2009 inagula otsala onse ndi madola pafupifupi 47 biliyoni. Genentech inasunga dzina lake, ndipo nthambi yake ya kafukufuku imagwirabe ntchito payokha mkati mwa Roche.